Kwathu Kunali Kuseri kwa Mzere wa Pinki

Anthu akandifunsa kuti ine ndi amuna anga tinkakhala dera liti ku Dubai, ndimawayankha kuti tinkakhala m'sitima. Amaseka poyesa nthabwala, koma ine sindiseka nawo. Ine ndinkagona ku Al Nahda, iwo ankagona ku Jebel Ali, ndipo banja lenilenilo linkakhala pakati, m'sitima ya m'tauni ija amati Metro, tsiku limodzi pa sabata.

Anayamba kupita ndi iwo, kukagwira ntchito ya ulonda pa nyumba zosungiramo katundu kufupi ndi doko. Ine ndinatsala ku Ntcheu ndi mwana wathu wamkazi. Patapita nthawi nane ndinapeza ntchito yoyala mabedi ndi kukolopa zipinda m'hotela, ndiye mwana ndinamusiya kwa akulu anga. Ndinalongedza ngati mkazi wopita kubanja: zitenje zatsopano, mthiko, mbale ziwiri zofanana, ndi katani wa maluwa amene ndinasoketsa kwa telala pamsika. Amuna anga anali atandiuza pafoni kuti aliyense azigona kumene kampani yake yamuika. Ndinamva ndithu, koma ndinamva Chimalawi. Ndinkati tikafika tikaona, palibe lamulo losakambirana.

Anadzandichingamira ku bwalo la ndege, ndipo tinakwera sitima. Ine maso anali kutsogolo, kufunafuna woyendetsa.

"Dalaivala ali kuti?" ndinafunsa.

"Mulibe. Imadziyendera yokha."

"Nanga munthu akafuna kutsika amauza ndani?"

"Suuza aliyense, mayi. Imaima pomwe inauzidwa kuti iziima."

Ndinaseka tsiku limenelo, ndinkayesa ndi zodabwitsa chabe za kunja. Titafika pa nyumba yosanja ya ku Al Nahda, mlonda wa pakhomo, bambo wa ku Nepal, anatambasula dzanja lake pachifuwa pa amuna anga mwaulemu. Amuna salowa. Ndinadikira kuti amuna anga amuchonderere, amutche achimwene, amuuze kuti uyu ndi mkazi wanga wa ukwati woyera wachokera kutali. Aaa, iwo anangogwedeza mutu ngati munthu amene akanachita chimodzimodzi pageti pake. Anandipatsa sutikesi, nkubwerera kusiteshoni. Katani wa maluwa uja ndinamupachika kuzungulira bedi langa lapansi, m'chipinda chimene tinkagona akazi ambirimbiri, mabedi osanjikizana.

Kukampu kwa iwo nako mkazi sapondako. Chipinda cha anthu awiri m'tauni imeneyo sitikanachikwanitsa. Miyezi yozizira tinkakhala pabenchi m'mbali mwa madzi, koma miyezi yotentha ndi yambiri, ndipo dzuwa la kumeneko silifuna chibwana, mpweya umene umapuma umakhala ngati wotuluka mu uvuni wa zigumu. M'masitolo akuluakulu mukakhala pansi nthawi yaitali osagula kanthu, amuna anga ankayamba kusowa mtendere, ati mlonda mnzawo akutiyang'ana. Ndiye tinatsala ndi sitima. Inali yozizira bwino, yaukhondo, ndipo palibe amene ankatifunsa kuti mukupita kuti.

Tsiku la ofu ine ndinkakwera ku Al Nahda, nkutsika pa Union pomwe njanji ziwiri zimakumana pansi pa nthaka. Iwo basi ya kampani inkawatula pasiteshoni ya kwawo, nkubwera kudzandipeza. Tikatero tinkakwera yopita kumene achokera, kukafika kumapeto, kutembenuka, kubwerera. Nyumba zazitali zija anthu amajambulitsapo zithunzi, ine ndinazidziwa ngati mitengo ya panjira ya kuchigayo.

Sitimayo ili ndi malamulo ake. Simudya, simumwa ngakhale madzi, chingamu chomwe simutafuna. Chakudya chimene ndinkawaphikira, nyemba kapena kausipa kochokera kumudzi, ndinkachitsekera m'kontena, kukulunga m'mapulasitiki kuti fungo lisatuluke, iwo nkukadya kukampu ndi anzawo a m'chipinda. Ndinkamva kwa iwo kuti mnyamata wa ku Zambia wayamikira ndiwo. Kugwirana sitinkagwirana, kupatula mapewa kukhudzana sitima ikamakhota. Ndipo anthu ankati ukapezeka ukugona, oyendera makhadi amakulemba chindapusa.

Apa ndi pamene panali vuto. Amuna anga ankagwira shifiti ya usiku, chiimirire mpaka kucha, ndipo ofu yawo inkayamba m'mawa womwewo. Ankangovula yunifomu, kusamba, nkukwera basi. Akakhala pampando, kamphepo kozizira kaja kakawawomba, sitima nkuyamba kuwagwedeza, mutu unkayamba kulemera. Ntchito yanga inali kuwatsina pantchafu. Ndikatsina, ankadzidzimuka nkunena kuti, "Ndikumva, pitirizani." Abale inu, ndinawoloka nyanja ndi zitenje zatsopano kuti ndizikatsina mwamuna wanga.

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Kwathu ndikakwiya mapoto amadziwa, aneba amadziwa, ndipo pofika madzulo zimakhala zatha. Koma m'sitima muja mumakhala zii, aliyense maso pafoni. Ukangokweza mawu pang'ono, mitu yonse imatembenuka. Ndinkakangana monong'ona, mano ali gwa, kwinaku ndikumwetulira kuti Mmwenye woyandikana nane asadabwe. Mkangano wonong'ona sutha, umangobwerera m'mimba nkukakhala momwemo.

Kenako ndinapeza kothawira. M'sitima iliyonse muli chigawo cha amayi ndi ana, ndipo malire ake ndi mzere wa pinki wolembedwa pansi. Palibe chitseko, palibe mpanda, mzere basi. Mkazi akhoza kukhala mbali iliyonse, koma mwamuna akaulumpha amalipira. Tsiku lina atandikwiyitsa ndinaimirira, nkuwoloka, nkukakhala pakati pa akazi anzanga. Iwo anafika pamzere nkuima, zala za nsapato zili m'mphepete penipeni. Ndinamva kukoma, sindinama. Mkazi akatopa ndi banja amamanga kampukutu nkupita kwa amayi ake, ndiye ine kwa amayi anga kunali kumeneko. Ndinkakhalako masiteshoni awiri kapena atatu, mtima ukatsika ndinkabwerera ndekha. Iwo anayamba kundiseka nazo: "Lero mwabwerako msanga kumudzi, anthu ali bwanji?"

Nthawi ina kusinza kuja kunatha mwadzidzidzi. Anagula magalasi akuda, ati dzuwa la pawindo likuwapweteka maso. Ankakhala chowongoka, manja pamaondo, ine ndikuyankhula, iwo akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkawauza za supavayiza wathu wovuta, za mlendo amene anathira khofi pamatiresi, za msana wanga. Ndinayamba kuthokoza Mulungu kuti mwamuna uja waphunzira kumvetsera.

Ndiye akulu anga anatumiza uthenga kuti mwana wathu wakula, watha msinkhu. Ndinaumvera uthengawo ndili m'bafa ya chipinda cha alendo, burashi ili m'manja, ndipo ndinakhala pamphepete pa bafa nkulira. Mwana wanga anachita mantha yekha, anamulangiza ndi ena, nsalu yake yoyamba anamupatsa ndi ena. Nkhani yotere mkazi amauza mwamuna wake m'nyumba, chitseko chotseka, mawu ali pansi. Pafoni sindinafune. Ndinaisunga mpaka tsiku la ofu.

Tinapeza mipando iwiri yoyandikana. Sitima itatuluka pansi pa nthaka nkukwera pamwamba, ndinasendera pafupi ndi khutu lawo nkuyamba. Ndinawauza za mwana. Ndinawauza kuti ndikuopa, kuti mtsikana wa msinkhu umenewo amafuna mayi ake. Ndinanena zimene ndinali ndisananenepo, kuti ndatopa kuyalira anthu ena mabedi akuluakulu pamene ine ndi mwamuna wanga tilibe ngakhale mphasa, kuti nthawi zina ndimaiwala ngati ndine wokwatiwa. Iwo mutu gwede, gwede. Nyumba zazitali zinadutsa, zinayamba zazifupi ndi mchenga.

"Ndiye inu mukuti bwanji, bambo?"

Zii.

"Bambo?"

Ndinakweza magalasi aja ndi chala. Maso anali tseke, munthu ali kutali m'tulo. Ankawagwedeza mutu ndi sitima. Masabata onse aja ndinkayankhula ndi chitsa.

Sindinawatsine. Ndinawaika kontena ya nyemba pamiyendo, nkuwoloka mzere, ndipo sitima itaima ndinatsika. Ndinawaona pawindo akupita, chikhalire chowongoka, magalasi ali pamphumi. Sabata yotsatira sindinapite pa Union, inzake yomwe sindinapite. Foni zawo sindinkayankha. Ndinatumiza mawu kwa amalume anga, amene ali ankhoswe a mbali yathu, kuti banja ili ndatopa nalo, kontirakiti ikatha ndikubwera, koma ndikubwera kwathu, osati kwa apongozi.

Amalume sachedwa pa nkhani zotere. Anaitana alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene ali ankhoswe a kuchimuna, ndipo anagwirizana tsiku. Analamula kuti ife awiri tikhale pamalo amodzi, foni imodzi, chifukwa mlandu wa banja saweruza wina ali uku wina uko. Malo amodzi athu anali amodzi omwewo.

Ndinawapeza pa Union atavala malaya awo oyera a kutchalitchi, opanda magalasi. Moni tinapatsana wa anthu ongodziwana. M'sitima ine ndinaima mbali yanga ya mzere, iwo mbali yawo, aliyense kahedifoni kamodzi kukhutu, chingwe chikulendewera pakati pathu. Foni italumikizana, choyamba kumva chinali nkhuku, kenako wina akukoka mpando pakhonde. Mtima unandipweteka ndi nkhuku zimenezo.

"Muli pakhomo?" anafunsa amalume.

"Tili m'sitima, malume."

"M'sitima? Mukupita kuti? Nkhani ya banja sakambira pa ulendo."

"Sitikupita kulikonse."

Amalume anangoti chabwino, za kunja sazidziwa, tiyambe. Anandiuza kuti ndifotokoze. Ndinayamba monong'ona, dzanja pakamwa.

"Kweza mawu, mwana iwe! Uja umamveka kutsidya kwa dambo wapita kuti?"

Ndikanakweza bwanji? Pambali panga panali mtsikana wa ku Philippines akuwerenga foni, kutsogolo bambo wonyamula chikwama cha laputopu, ndipo pakanthawi kalikonse sitima inkalengeza siteshoni, Chiarabu kenako Chingerezi, nkumeza mawu anga. Madandaulo anga, onong'onedwa choncho moduladula, anamveka aang'ono ngakhale kwa ine mwini. Nditamaliza, alamu anaseka.

"Mlamu, ndiye mlandu wonse ndi tulo basi? Sanakumenyeni, alibe chibwenzi, kunyumba amatumiza. Tulo?"

"Alamu, si tulo," ndinatero.

Kenako ankhoswe aja anatembenukira kwa amuna anga nkuwafunsa. Iwo sanadziteteze. Anati zonse ndi zoona, magalasi anagulira dala. Anati akanatha kumagona kukampu tsiku la ofu monga amachitira anzawo, koma ankaopa kuti akaphonya sabata imodzi adzaphonya yachiwiri. Anati ankaganiza kuti bola thupi likhalepo. Ankayankhula akuyang'ana pansi, pamzere.

Akuluakulu aja anakambirana paokha, tikumva manong'onong'o ndi nkhuku. Kenako amalume anakonza kukhosi.

"Mkamwini, mwana wathuyu anachoka pakhomo?"

Amuna anga anandiyang'ana, nkuyang'ananso mzere. "Anachoka."

"Ndiye mwalakwa ndinu, mupite komwe aliko mukamutenge mwaulemu. Iwe nawe, akabwera usavute. Mukafika kunyumba uwaikire madzi kubafa, mudyere mbale imodzi, mutseke chitseko, mukambirane awiri. Banja limakonzedwa kuchipinda. Tamvana?"

Alamu anavomereza, ati ndi momwemo, nkutseka ndi pemphero. Tinati ameni motsitsa.

Ndinaseka kaye, kuseka koipa, mpaka mtsikana uja anandiyang'ana. Bafa liti? Mbale ya kuti? Chitseko chake chiti? Anthu abwino aja anatipatsa mankhwala amene anachiritsa mabanja onse a kwathu, ndipo ife tinalibe pomwera. Pomwepo ndinadziwa kuti zatha, osati chifukwa cha kuipa kwa wina, koma kuti panalibe poti tiikepo banjalo. Ndinazula kahedifoni, nkulowa mkati mwenimweni mwa chigawo cha amayi, kumapeto, nkukhala choyang'ana pawindo. Misozi inkangotsika, ndipo sindinasamale zoipukuta.

Tinali titapitirira, sitima itapatukira njanji yopita cha ku Al Furjan. Ndinamva mayi wina akukweza mawu m'Chingerezi kuti muno ndi mwa akazi okhaokha. Wina anawonjezera m'Chiarabu mothamangitsa munthu, "Yalla, yalla!" Nditatembenuka ndinaona malaya oyera akubwera pakati pa akazi, munthu akuyenda chowerama, kapusi ili m'manja, akupepesa uku ndi uku. Munthu amene ntchito yake yonse ndi kuletsa anthu kudutsa pamene saloledwa, amene sawoloka msewu nyali isanalole ngakhale kulibe galimoto. Anafika pamene ndinali, nkunjuta pansi, nkuomba m'manja mofatsa ngati ali pakhomo pa apongozi.

"Mayi, ndabwera kudzakutengani."

M'chigawo chonse mafoni anali atatsitsidwa.

"Imirirani, mukundichititsa manyazi," ndinanong'ona. "Akulembani."

"Andilembe."

"Mundipititsa kuti? Ndiuzeni, mundipititsa kuti?"

"Sindikudziwa," anatero. Maso awo anali ofiira ngati a munthu wosuta. "Koma andiuza kuti ndidzakutengeni komwe muli, ndipo muli kuno."

Sitima itaima analowa mayi woyendera makhadi, wovala yunifomu, kamakina kali m'manja. Wina anali atamukodola kale. Anayang'ana bambo wonjutayo, nkuyang'ana nkhope yanga yonyowa, nkundifunsa ngati munthuyu ndikumudziwa, ngati akundivutitsa.

"Ndi amuna anga," ndinatero.

Zinatuluka ndi mawu anga enieni, a kutsidya kwa dambo aja. Mitu inatembenuka mpaka kuchigawo cha amuna. Chifikireni mumzinda umenewo ndinali ndisananene mawu amenewo mokweza kwa munthu aliyense, ndipo ndinawabwereza ngakhale mayiyo anali atamva kale.

Anatitsitsa pa Al Furjan. Lamulo ndi lamulo, anawalemba ndithu, ndipo iwo anathokoza, ati shukran, ngati apatsidwa mphatso. Mayiyo atakwera sitima ina, tinatsala awiri pabenchi. Inali nthawi ya masana, siteshoni inali mbee, yozizira, yotchingidwa ndi magalasi. Pansi pathu tinkaona nyumba zokongola za anthu, mizeremizere, iliyonse ndi geti lake, chitseko chake, makatani m'mawindo.

"Ndiuzeninso za mwana," anatero. "Ndinamva kwa akulu anu, koma ndikufuna ndimve kwa inu."

Ndinawauza, kuyambira pachiyambi. Anamvetsera akudzitsina okha padzanja, ndinkawaona. Nditafika poti mwana anabisala m'chimbudzi cha kusukulu mpaka anzake onse ataweruka, anaphimba kumaso ndi kapusi, mapewa akugwedera. Tinagwirizana kuti kontirakiti yanga ikatha ndipite kwa mwana, iwo atsale. Limenelo silinali yankho, kunali kungotalikitsa njanji, ndipo tonse tinkadziwa. Koma tinalinena awiri, tikuyang'anana.

Kenako zikope zinayamba kuwalemera. Analimbana nazo, anawongola msana, anapukusa mutu.

"Gonani," ndinatero.

"Iyayi, ndikumva."

"Ndati gonani, bambo. Ndikuyang'anirani."

Sanachedwe. Mutu unatsetsereka nkufika paphewa langa, ndipo sindinauchotse. Ndinaika chikwama pamiyendo, maso anga ali kumasitepe, kuti akangotulukira wa yunifomu ndiwadzutse. Koma ndinkabanso kuwayang'ana. Kukamwa kunali kotseguka pang'ono, kumutu kunali imvi zimene sindinkazidziwa, ndipo nkhope yonse inali itamasuka ngati ya mnyamata amene anadzandifunsira. Nthawi yonse imene ndinakhala m'dziko limenelo ndinali ndisanamuone mwamuna wanga akugona mwamtendere chonchi, chifukwa akangoyamba ndinkamudzutsa.

Sitima inabwera, zitseko zinatseguka, zinatsekeka, inapita. Inabwera ina, ndinaisiya. Phewa linachita dzanzi, ludzu linandigwira, koma sindinasunthe. Madzi a kubafa panalibe, mbale panalibe, chitseko panalibe. Panali benchi ya eni ake ndi mwamuna wanga akupuma pakhosi panga, ndipo ndinkafuna dzuwa liime pomwe linalipo.

Koma dzuwa linapendeka, anthu oweruka anayamba kudzaza pasiteshoni, ndipo basi ya kukampu siyembekeza munthu. Ndinalola sitima ina imodzi ipite. Kenako ndinaika dzanja pantchafu pawo, nkuwatsina.

"Ndikumva," anatero, maso asanatseguke. "Pitirizani."